Mervis wa Pamkono Panga

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo mkazi wanga ananditsina khutu kuti ndisadzaiulule kwa munthu. Koma poti ku Namiwawa konse anaimva kale, mpaka alonda a pageti amandipatsa moni akuyang'ana mkono m'malo mwa nkhope, bola ndiinene ndekha. Ena akamainena amathira mchere wambiri.

Dzina langa ndine Gustino. Ndinabadwira ku Chigumula, agogo anga anachokera ku Milanje, tsidya lija la Mozambique, ndipo ndimagwira ntchito pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni mwa Blantyre. Ndine munthu wa smart, zimenezo musatsutse. Kwa zaka khumi palibe anandionapo nditavala malaya a mikono yaifupi. Mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, anthu akudzikupiza ndi nyuzi mu minibasi, ine long sleeve, batani lomanga mpaka pa wotchi. Ku ofesi ankanditcha Bwana Long Sleeve, ine nkumavomera monyada. Ankayesa ndi ulemu wa pantchito.

Ulemu wa chiyani, aise! Ndinali kubisa mlandu.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndinapenga ndi mtsikana wina wa ku Nancholi, dzina lake Mervis. Ndikati kupenga ndikunena kupenga kwenikweni, kosiya kudya. Ndinapita kwa mnzanga wina wa ku Chigumula komweko, yemwe luso lake lonse linali lolemba mitengo ya zinthu pa makoma a ma grosale. Anatenga singano yosokera, inki ya bolopeni ndi mwaye wa tayala, nkundilemba pamkono wamanzere kuyambira pachigongono mpaka pomwe pamakhala wotchi: MERVIS WANGA. Pambali pake anajambula kamtima, koma kanatuluka ngati mbatata.

Patangotha miyezi itatu, Mervis anakwatiwa ndi mdala wina wadazi wa galimoto. Mwini dzina anapita, dzina linatsala. Ndinayesa sopo. Ndinayesa mwala wa kubafa. Ndinayesa mandimu, mpaka jiki. Khungu linkasupuka, Mervis osasuntha. Basi ndinangogula malaya a mikono yaitali nkukhala chete.

Zaka zitapita ndinakumana ndi Chisomo, mphunzitsi, mwana wa a Makwinja a ku Namiwawa. Mtsikana wofatsa, wopemphera, koma akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Tinakhala pa chibwenzi zaka ziwiri, ndipo mkono wanga sanauonepo. Atandifunsa tsiku lina kuti bwanji sindivula malaya ngakhale ku picnic, ndinayankha popanda kuphethira.

"Ndili ndi allergy ya dzuwa."

"Iii, pepa! Bwanji osanena?"

Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankandigulira lotion yodula. Ndinkadzola kumapazi.

Zinthu zinadzavuta pa chinkhoswe. Mukudziwa mmene zimakhalira: chitenje chimodzi, mkazi asoketse diresi, mwamuna asoketse malaya, mufanane ngati makatani a nyumba imodzi. Chitenje anasankha ndi amayi ake a Chisomo, namwino wopuma pantchito, mayi woti akanena wanena. Chisomo anandiimbira ndili ku ofesi.

"Telala wayamba kusoka. Malaya ako ndi a short sleeve."

"Short chani?"

"Short sleeve. Amayi ati mkamwini wawo aoneke ngati munthu, osati ngati wabwera kudzagulitsa policy."

"Nanga allergy ija?"

"Kukhala tenti. Ndiponso amayi ati Loweruka likubwerali ukabwera kudzayesa malaya akuone okha khungulo. Paja ndi a nesi."

Ndinakhala pansi, ngakhale ndinali nditakhala kale.

Milungu itatu m'mbuyomo mnzanga wina anali atandiuza za munthu wina ku Limbe, dzina lake Bonzo, yemwe amaphimba tatuu yakale pojambula yatsopano pamwamba pake. Ine ndi singano sitimwerana madzi, ndiye ndinkangoti mawa, mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndinapita Lachisanu, mawa lake lili Loweruka la ku Namiwawa.

Malo a Bonzo ali pamwamba pa shopu ina ya nsalu, umakwera masitepe opapatiza. Anali mkulu wa ndevu, manja onse ojambulajambula, wolankhula pang'ono. Nditapinda malaya anayang'ana mkono wanga nthawi yaitali.

"Anakupangani zimenezi ndi mdani wanu?"

"Mnzanga."

"Muzisankha anzanu, biggy. Nanga iyi ndi mbatata?"

"Ndi mtima."

Anapukusa mutu. Kenako anafotokoza plan yake, ndipo inali plan yabwino, ndimutamande. Maluwa asanu ofiira mozungulira, masamba ake obiriwira, ndiye pakati maluwa awiri aakulu akuda bii okwirira zilembo zonse. Anati amayamba ndi m'mbali, zakuda zimabwera pomaliza kuti inki isapakike pa zofiira.

Maola anayi, abale anga! Kamakina kaja kakulira ngati udzudzu wa ku Nsanje. Sindinalire ayi, ndikufuna zimenezi zimveke bwino. Misozi inkangotuluka yokha chifukwa cha fumbi la mu Limbe. Duwa loyamba linatha, lachiwiri, mpaka lachisanu, ndipo mbatata ija inasanduka tsamba lokongola. Bonzo anathira inki yakuda m'kabotolo, nkuti, "Tsopano timuike m'manda Mervis."

Phethi! Magetsi anathima.

Kamakina kanangoti zii.

"Jenereta mulibe?"

"Ilipo, biggy."

"Ndiye yatsani!"

"Mafuta ndi omwe mulibe. Ku filling station mzere wake wafika ku msika."

Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, magetsi osabwera. Bonzo anati ndibwere Lolemba. Anandipaka vaselini, ndipo nditayang'ana mkono pazenera ndinaona zoopsa. Dzina lija, lomwe zaka khumi linali litafwifwa ngati chikwangwani cha grosale yotsekedwa, tsopano linali kunyezimira pakati pa maluwa asanu atsopano. MERVIS WANGA. Ngati khadi la ukwati! Anandikulunga pulasitiki ngati nyama ya m'shopu, nkundiuza kuti ndisakande.

Loweruka ndinavala malaya anga oyera, long sleeve ya mwambo, ndikuganiza kuti poyesa malaya a telala ndikalowa ndekha kuchipinda, za khungu ndikazemba mwanjira ina. Ndinapita ndi malume anga a Fulansisiko, nkhoswe yanga, makaniko wa ku Limbe, munthu woti bodza amalinena mofatsa mpaka iye mwini nkulikhulupirira. Za tatuu sankadziwa. Tili pageti anandikoka pambali.

"Mphwanga, mdala wa muno ndi mkulu wa mpingo, anagwira ntchito ya audit moyo wake wonse. Amadana ndi munthu wong'ung'udza. Akakufunsa kanthu, yankha zoona zokhazokha, mokweza, ukumuyang'ana."

"Musadandaule, malume. Kulankhula ndi ntchito yanga."

Tinalandiridwa bwino pabalaza. A Makwinja anakhala pa mpando wawo waukulu, mdala wamfupi, wamagalasi, mutu wonse dazi lowala. Mayi Makwinja pambali pawo. Tinacheza za mvula, za mitengo ya feteleza, za tenti. Ine ndinkayankha mwanzeru, malume nkumagwedeza mutu monyadira. Kenako kunabwera mpunga ndi nkhuku, ndipo Chisomo anagwada patsogolo panga ndi beseni ndi jagi kuti ndisambe m'manja.

Ndinatambasula manja.

"Mayo! Gustino, magazi!" anafuula Chisomo.

Kutentha kuja pulasitiki inali itasuntha. Mkono wonse wa malaya oyera unali mawangamawanga, kwina kofiira, kwina kobiriwira.

"Si kanthu," ndinatero. "Ndi allergy ija."

Mayi Makwinja anali ataimirira kale. "Allergy yobiriwira sindinaionepo. Pindani malaya ndione."

"Amayi, ulemu wake... mkamwini ndi apongozi..."

"Kuchipatala kulibe chipongozi. Chisomo, tenga thonje ndi spirit. Inu, mkono kuno!"

Anamasula batani okha, anapinda malaya okha, anachotsa pulasitiki okha. Anapukuta ndi thonje kamodzi, kawiri. Maluwa anatulukira, ofiira psuu. Anapukuta kachitatu.

Zilembo zija zinaonekera poyera, aliyense pabalaza nkuziwerenga.

Pano ndiime kaye ndikufunseni amuna anzanga. Ndani mwa inu amadziwa dzina loyamba la apongozi ake? Nenani zoona. Chisomo ankawatcha amayi. Amuna awo ankawatcha amake Chisomo. Achibale ankati a Naphiri, akumpingo ankati Mayi Makwinja, ine ndinkangoti amayi nditaweramitsa mutu. Mkamwini wamakhalidwe safunsa dzina la apongozi, ulitani? Ndiye ine, Gustino, munthu wa makhalidwe, ndinali ndekha m'nyumba muja, pamodzi ndi malume, amene sindinkadziwa kuti mayi amene agwira mkono wangawo dzina lawo la ubatizo ndi Mervis.

Ine ndinkaona ngati anthu angodabwa ndi tatuu. Ndinakumbukira malangizo a malume, ndinawongola msana, nkuti mumtima: Gustino, mlandu suola, vomera ngati mwamuna.

A Makwinja anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Achimwene," anatero motsitsa, "maluwa awa mwajambulitsa liti?"

"Dzulo, bambo!" Mokweza, ndikuwayang'ana.

"Dzulo."

"Inde. Maola anayi ndikumva ululu. Koma ukamukonda munthu, ululu suuwerengera."

Ine ndinkanena Chisomo, mwamva? Chisomo anaika jagi pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye Mervis ameneyu," a Makwinja anapitiriza, "mwamudziwa liti?"

"Papita zaka khumi, bambo. Chisomo ndisanamudziwe nkomwe."

"Musanamudziwe Chisomo."

"Kutalitali. Kunena zoona, Mervis ndiye anali woyamba. Chisomo wabwera pambuyo."

Malume anagwedeza mutu kundilimbikitsa. Zoona zokhazokha, mphwanga.

"Munakumana kuti?"

"Mu minibasi ya ku Limbe. Anali atavala yunifomu yoyera, akuchokera ku ntchito. Ndinamupatsa mpando wa pawindo."

Mervis wanga uja ankagwira ntchito ku bekale yophika buledi, ndiye yunifomu inali yoyera. Ndikanadziwa bwanji kuti pakhoma, pamwamba penipeni pa mutu wanga, panali chithunzi cha Mayi Makwinja atavala zoyera za unesi? A Makwinja anayang'ana chithunzicho, anayang'ana akazi awo, anayang'ana ine. Dazi lija linayamba kutuluka thukuta.

Mayi Makwinja ankangopukuta mkono wanga ndi thonje, milomo ataluma.

"Ndipo zinafika pati?"

"Bambo, sindibisa. Ndinapenga. Ndinkamudikira pa stage tsiku lililonse akaweruka. Ndinkamugulira chips. Koma zinali za chibwana, musazitengere kumtima."

"Ndisazitengere kumtima."

"Ayi ndithu."

"Nanga mwamuna... panalibe mwamuna pamenepo?"

Apa ndiye ndinaona mpata woonetsa kuti wolakwiridwa ndinali ine. Ndinaseka pang'ono, kaseko ka munthu wodziwa dziko.

"Analipo, bambo. Mdala wina wake wadazi. Wamfupi, wa kamimba, wa galimoto. Koma sankadziwa kanthu, wosauka. Iye akamusiya Mervis pa ntchito m'mawa, ine madzulo nkumutenga."

"Gustino!" Chisomo anakuwa.

"Ayi, Chisomo, ndisiye ndinene zoona, bambo amakonda zoona. Mpaka lero ali naye mdalayo. Ine ndimangomumvera chisoni Mervis. Mkazi wokongola ngati uja kuthera moyo wake wonse akuyang'ana dazi!"

A Makwinja anaimirira. Sindinadziwe kuti munthu wamfupi angaimirire motalika choncho. Dzanja limodzi linali pamutu, lina likuloza akazi awo.

"Mervis! Ukuzimva zimenezi, Mervis? M'nyumba mwanga? Pa mpunga wanga?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo, ndikuyesa Mervis wa ku Nancholi walowa. Kukhomo kunalibe munthu. Ndinabweza maso pang'onopang'ono, kutsata chala cha a Makwinja, mpaka chinandifikitsa pa mayi amene anali atagwira mkono wanga.

"Wawa, bambo," anayankha Mayi Makwinja. "Ndikumva."

Abale anga! Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalowa mu beseni lija nkudzivundikira.

Malume ndi amene anayamba kuzindikira kukula kwa ngoziyo, ndipo mwatsoka anaganiza zondipulumutsa. Anatsetsereka pampando, nkugwada, nkuwomba m'manja katatu.

"Bambo Makwinja, mitima pansi. Apa palibe cholakwika. Uwu ndi mwambo wakwathu."

"Mwambo?"

"Wa ku Milanje, kwa makolo athu. Kwathu mkamwini asanalowe m'banja amalemba dzina la apongozi aakazi pamkono. Ndi ulemu waukulu zedi. Maluwawo ndiye kuti banja lavomerezedwa ndi mizimu... ndi Mulungu, ndikutanthauza."

"Ndi minibasi yomwe ndi mwambo? Chips?"

"Mwanayu wasokonezeka ndi njala, sanadye m'mawa."

A Makwinja sanagwire audit zaka zonsezo pachabe. Anawayang'ana malume pamwamba pa magalasi.

"A Fulansisiko, inu ndinu okwatira?"

"Kwambiri, bambo."

"Pindani malaya tione apongozi anu."

Malume anayang'ana mkono wawo ngati auona koyamba. "Anga... anamwalira, bambo. Akamwalira timafufuta."

Pamenepo ndi pamene Mayi Makwinja analephera kupirira. Anayamba ndi mapewa kugwedezeka, kenako kunatuluka chiphwete choti ngakhale agalu a kuseri anayamba kuuwa. Anaseka mpaka kukhala pansi pa kapeti, thonje lili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo a Chisomo, khalani pansi musanagwe ndi BP," anatero atapeza mpweya. "Zaka khumi zapitazo ine ndinkagwira ntchito kuti? Si kumpoto, inu nkumabwera mwezi ndi mwezi pa basi? Minibasi ya ku Limbe ndinaikwera liti? Ndipo taonani kuno. Maluwa awa ndi adzulo, khungu latupa. Koma zilembozi zinapola kalekale, inki yake ndi ya bolopeni. Mwanayu amafuna kukwirira dzina la chibwenzi chake chakale, ntchito yathera panjira. Ndinaona nditangopukuta koyamba."

"Ndiye bwanji osanena?" a Makwinja anafunsa.

"Ndimafuna ndimve za mdala wadaziyo."

Malume anaseka nawo, a Makwinja anakhala pansi akupukuta mutu ndi kansalu. Ine ndinayamba kupuma. Koma panali munthu mmodzi amene sankaseka.

"Allergy ya dzuwa," anatero Chisomo. Anali ataima, manja atapinda pachifuwa. "Zaka ziwiri, Gustino. Zaka ziwiri ndikukugulira lotion, ndikukupempherera kuti uchire. Amayi, muimbireni telala asiye kusoka. Munthu wobisa mkono wonse angalephere kubisa chiyani?"

Apa ndiye ndinachita mantha enieni, oposa a dazi aja. Chisomo saopseza. Akati telala asiye, telala amasiya. Ndinagwada pa kapeti pomwepo, pambali pa malume, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinalankhula motsitsa.

"Chisomo, ndinanama, ndipo ndalakwa. Mervis ameneyu anali chibwenzi changa chakale cha ku Nancholi. Ndinkachita manyazi. Ndinkaopa kuti ukaona dzina la mkazi wina pathupi panga udzaganiza kuti likadali mumtima. Mulibe. Ine singano ndimaiopa kuposa njoka, funsa aliyense, koma dzulo ndakhala maola anayi chifukwa sindinafune kuti pa tsiku lako anthu awerenge dzina la munthu wina. Akanapanda kuthima magetsi..."

"Ukanandinamiza mpaka kalekale."

"Ndikanakuuza."

"Liti?"

"Tikakalamba."

Ndinaona kukamwa kwake kukugwedezeka pang'ono, koma anadzigwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja okumbutsa machimo.

"Lolemba lomweli," anatero, "upite kwa munthu wakoyo. Akapake chakuda, dzina limenelo ndisadzalionenso. Ukapanda kutero, chitenje chija tisokera makatani."

"Ndipita! Mamawa, asanatsegule!"

"Apake chakuda pa ndani?"

Anali Mayi Makwinja. Anali atasiya kuseka, ndipo mkono wanga anali ataugwiranso.

"Amayi, si dzina lanu limenelo," anatero Chisomo. "Ndi la mtsikana wa ku Nancholi."

"Wa ku Nancholi anapita ndi dazi lake. M'banja muno Mervis ndi ndani? Ndine. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili m'nyumba ino, bambo akowa dzina langa alitchula kawiri: tsiku la ukwati, ndi lero atakwiya. Ngakhale pa envelopu amalemba Mrs Makwinja. Ndiye mwana wa eni ake walisenza zaka khumi, mu October, atavala long sleeve, walimangira ndi maluwa omwe, inu mukuti akalipake phula? Ine ndili moyo?"

"Nanga mpingo uti chiyani?" a Makwinja anayesa.

"Mpingo ndiuuza ndine."

"Koma amayi, palembedwa kuti wanga," anatero Chisomo.

"Pamenepo pokha ndiye palibe ulemu. Tikakonza Lolemba. Tsopano sambani m'manja, mpunga wazizira."

Lolemba Mayi Makwinja ananditenga okha pa galimoto yawo mpaka ku Limbe. Anakwera masitepe opapatiza aja atanyamula handbag, anamupatsa moni Bonzo, kenako anayamba kuyendera malo ngati ali mu wodi. Anafunsa komwe amataya singano, anamusambitsa m'manja kawiri, anamusinthitsa magolovesi. Bonzo, munthu wa ndevu zake, ankangoti, "Wawa, mami." Magetsi tsiku limenelo sanayerekeze kuthima.

Duwa lalikulu lakuda linakwirira WANGA. Pamwamba, mwa zilembo zokongola zopendekeka, Bonzo analemba MAYI. Zilembo zakale za mnzanga wa ma grosale anaziwongola zonse. Nditayang'ana pagalasi ndinaona ntchito yoti ngakhale ine ndinaima kaye: MAYI MERVIS, pakati pa maluwa asanu ndi limodzi.

Chisomo anauyang'ana mkonowo madzulo ake, anapumira m'mwamba, nkuti, "Telala wamaliza. Ukayese malaya."

Pa chinkhoswe, ndikuuzeni, sipanaoneke mkamwini ngati ine mu Blantyre muno. Short sleeve, chitenje chowala, mkono panja koyamba m'zaka khumi, mphepo ikundiwomba pachigongono. Mayi Makwinja anandigwira dzanja nkundiyendetsa mzere ndi mzere kwa amayi anzawo akumpingo.

"Tawerengani apa. Werengani mokweza, magalasi mwaiwala? Wanu mkamwini anakulemberani chiyani?"

Nthungululu zake! Amayi ena anafika pondisisita mkono ngati nsalu ya pa msika. Malume anakhala pakona atazunguliridwa ndi azimayi a ku Namiwawa, akufotokoza mwatsatanetsatane za mwambo wa ku Milanje, womwe pofika madzulo unali ndi nyimbo yake ndi mbuzi yomwe. Akamwini ena a m'banjamo mpaka lero sandilankhula bwino. Ine ndi a Makwinja tinagwirizana, ngakhale tikakhala pamodzi amavala chipewa, ndipo ndamva kuti masiku ano akafuna tiyi amaitana kuti Mervis.

Kuchipongozi ndine mfumu. Ndikafika, nthutumba ya nkhuku ndi yanga, palibe wopikisana naye. Lamulo ndi limodzi lokha: ku Namiwawa sindiloledwa kupita nditavala long sleeve. Ku ofesi dzina lija linatha, malaya khumi ndi awiri a mikono yaitali ndinagawa kwa azisuweni a ku Chigumula. Ndinati mumtima, Gustino, wamasuka.

Titachita ukwati nkulowa m'nyumba yathu, Chisomo anandipatsa kamphatso kokulunga bwino, ka riboni. Ndinatsegula mosangalala. Munali ma pijama atatu, a nsalu yokhuthala, mikono yaitali, batani mpaka pa wotchi.

"Darling, kutentha konseku? Allergy ija paja inali yabodza."

"Ndikudziwa," anatero, akundimanga batani lomaliza. "Koma mwambo ndi mwambo, Gustino. Kuchipinda kwa ana apongozi salowa."

Amuna anzanga, musanafunsire mbeta, yambani mwafunsa dzina la amayi ake.